Mkuyu wa Fuatino

Mlamu wanga Fuatino si munthu woti mungamucheukire mutakumana naye m'sitolo. Ndi mayi wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo amatsimphina pang'ono chifukwa cha zaka zambirimbiri zoimirira pa simenti yozizira ya ku fakitale ya nkhuku. Salankhulalankhula. Pakamwa pa banja lonse ndinalandira ndine, Tausala, mkazi wa mchimwene wake Mataio, ndipo popeza iye nkhani yakeyi sangaifotokoze ngakhale mutamumanga miyendo, ndiifotokoza ine. Nyumba zathu zinayang'anizana pa msewu wa Pellew, kumadzulo kwa Sydney kuno, choncho zambiri ndinaziona ndi maso angawa, mpeni wosendera talo, mbatata ya kwathu ija, uli kumanja.

Msewu wathu uli ndi mikuyu mbali zonse ziwiri, ikuluikulu, yoti amuna atatu sangaizungulire atagwirana manja. Akuti anaibzala ndi akazi amasiye itatha nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuno kukadali mafakitale a njerwa okhaokha. Nthambi zake zinakumana pamwamba, moti nyengo yotentha, phula la m'misewu ina likamasungunuka, ife timayenda mumthunzi ngati mafumu. Zoipa zake sindibisa. Mizu inatukula njira ya oyenda pansi, imaboola mapaipi a zimbudzi, ndipo mileme ikabwera kudzadya nkhuyu imaipitsira galimoto ndi zovala zoyanika. Ine ndinaitukwanapo mitengoyi kangapo, Lamulungu m'mawa, Baibulo lili kukhwapa.

Fuatino anabwera kuno kuchokera kwathu ku chilumba cha Savai'i ali ndi pakati, pamodzi ndi mwamuna wake Talosaga. Anapeza nyumba ya lendi kwa Mtaliyana wina amene ankadana ndi udzu, moti bwalo lonse analitsira simenti, kutsogolo ndi kuseri komwe, osasiya poti nkhuku ingapase. Mwana atabadwa, wamwamuna, anamutcha Peniamina. Mchombo wake utagwa, ndinapeza Fuatino atakhala pakhonde, kansalu koyera kali m'manja, akuyang'ana simentiyo.

"Alamu, ndiukwirira pati?" anandifunsa.

Mchombo wa mwana sutayidwa kudzala. Umakwiriridwa m'nthaka ya kwanu kuti mwanayo, ngakhale atayenda chotani, azidziwa kobwerera. Koma ife nthaka ya kwathu tinaisiya kutsidya kwa nyanja. Ndinamuuza kuti auike mu envulopu, autumize ku Savai'i. Anapukusa mutu. Anati mwana wake akulira kuno, ndipo safuna kuti mtima wake uzikakhala kumene miyendo yake sikudziwa. Kenaka analoza mkuyu wa patsogolo pa geti lake, umene unapendekera ku nyumbayo ngati ukufuna kusuzumira pawindo.

"Mwini nyumba akhoza kutithamangitsa mawa," anatero. "Koma uwu ulibe landilodi."

M'mawa mwake, anthu asanayambe kutuluka, anakumba ndi supuni pakati pa mizu iwiri ya mbali ya kunyumba. Ine ndinaima pambali nditanyamula khandalo.

Peniamina anakulira mumtengo umenewo. Anaukwera asanadziwe kumanga nsapato, anagwamo n'kuthyoka mkono, pulasitala itangochoka anaukweranso. Polondolera anzake sankatchula nambala ya nyumba, ankangoti, "Pamkuyu wopendekera paja." Anali mwana woseka kwambiri koma wouma mutu ngati bambo ake, ndipo atonde awiri sakhala khola limodzi. Atakula anasiya kwaya, kenaka anasiya tchalitchi. Tsiku lina Lamulungu, pa chakudya cha masana, abusa ali pomwepo, anayankha bambo ake mwamwano. Talosaga anamumenya mbama alendo akuona, n'kumuuza kuti asadzapondenso pakhomopo. Mwanayo anatenga chikwama n'kutuluka. Podutsa pa geti anaumenya mkuyuwo ndi chikhatho monga ankachitira masiku onse popita kusukulu.

Poyamba ankaimbira amayi ake. Anati ali kumpoto, pa mabwato ogwira nsomba, kenaka anati ali ku migodi. Kenaka foni inasiya kulira. Talosaga atamwalira tinalengeza pa wailesi ya anthu akwathu ndi paliponse pamene tikanatha, koma sanabwere ku maliro. Apolisi anatiuza mwaulemu kuti munthu wamkulu ali ndi ufulu wosafuna kupezeka. Ufulu! Ndinafuna kuwafunsa ngati mayi wake alinso ndi ufulu wogona tulo.

Kuyambira pamenepo Fuatino anakhala munthu wa mtengo umenewo. M'mawa uliwonse ankasesa patsinde pake asanasese m'nyumba mwake. Aboma anamupezera nyumba yabwino yopanda masitepe chifukwa cha mwendo wake, anakana. Mwana wake wamkazi anamuitana kuti akakhale naye ku Brisbane, anakana. Ine ndinamulalatira mpaka kummero kunauma.

"Alamu, mudzafera pa masitepe amenewa chifukwa cha mtengo wa mileme?"

"Mchombo wake uli apa," anayankha. "Akatopa adzabwera apa."

Chakudza sichiimba ng'oma. Tsiku lina tinadzuka mitengo yonse ili ndi dontho la penti yofiira. Akhonsolo anali atatopa ndi kukonza mapaipi, ndipo anaganiza zodula mikuyu yonse n'kubzala timitengo taulemu tosatukula simenti. Fuatino anapala pentiyo ndi mpeni, mawa lake akhonsolo anadzaipakanso. Mlamu wangayo anasiya kudya. Ndinamuphikira nthochi za mu mkaka wa kokonati zimene amazikonda, ndinazipeza madzulo zili momwemo, ntchentche zikuchita phwando.

Amene anatidzutsa ndi Mayi Orrock, mzungu wachikulire wa kumapeto kwa msewu, amene anagwira ntchito ku laibulale moyo wawo wonse ndipo amavala chipewa cha mlaza ngakhale kukugwa mvula. Anatisonkhanitsa mumthunzi momwemo, ife, Alebanoni, Mavietinamu ndi azungu otsala, n'kutiuza kuti pali njira. Mitengo ikavomerezedwa kuti ndi cholowa cha dera lino, lamulo limaiteteza ndipo nkhwangwa siiyandikira. Anati kudzabwera katswiri wa mitengo kudzaona zinthu zitatu: mbiri yake, thanzi lake, ndiponso ngati anthu a mumsewuwo amailemekeza. Anapempha kuti aliyense amene ali ndi nkhani yokhudza mtengo wa pakhomo pake aifotokoze.

Ndinamugunda Fuatino ndi chigongono. Anayang'ana pansi.

"Bwanji osanena?" ndinamufunsa tikubwerera. "Nkhani yoposa yanuyi ili ndi ndani? Wina uja akukamba za galu wake amene ankakodza pamenepo!"

"Mukufuna andimange? Kukwirira chiwalo cha munthu pa malo a boma?"

"Chiwalo chanji, kachingwe kouma ngati kamwendo ka dzombe?"

"Nanga akati tikumbe tione? Akautenga n'kukauika m'botolo?" anatero. "Ndiponso ndikanena za mchombo adzafunsa kuti mwanayo ali kuti. Ndidzati chiyani pamaso pa msewu wonse? Kuti bambo ake anamuthamangitsa ngati galu ine ndili chete?"

Pamenepo ndinatseka pakamwa, chinthu chimene sichichitika kawirikawiri.

Koma mawu amodzi a Mayi Orrock anamulowa: ngati anthu ake amailemekeza. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Fuatino anaganiza kuti ngati sangathe kunena, aonetsa. Ndipo ife chinthu cholemekezeka timadziwa njira imodzi yochisamalira. Manda a makolo athu ali patsogolo pa nyumba, omangidwa ndi simenti, oikidwa matailosi, othiridwa timiyala toyera, oseseredwa m'mawa uliwonse. Palibe mlendo amene angadutse osadziwa kuti apa pagona munthu wokondedwa.

Anabwera kwathu madzulo, Mataio akumwa koko wake, chokoleti chakumwa cha kwathu. Mwamuna wangayo ntchito yake ndi yothira simenti m'makomo mwa anthu.

"Achimwene, mundimangire mtengo uja."

"Kumanga mtengo? Achemwali, ndi malo a khonsolo amenewo. Kungoimika galimoto paudzu paja amakulipiritsa."

Fuatino anangotsika pampando n'kukhala pansi, pamapazi pa mchimwene wake, mwendo wodwalawo atautambasula. Mataio anadzambatuka ngati wakhalira singano. Mlongo wako sakhala pansi iwe uli pampando, ndipo akapempha chinthu sukana.

"Dzukani, chonde dzukani, anthu angaone! Loweruka tibwera."

Loweruka kunabwera amuna onse oimba besi mu kwaya, ndi mafosholo, mawilibala ndi wailesi. Ife amayi tinaphika talo ndi nyama ya m'chitini. Mayi Orrock anali ku chipatala sabata imeneyo kukachitidwa opaleshoni ya diso, ndiye panalibe wotiletsa, ndipo kunena zoona panalibe mmodzi mwa ife amene anaona choletsa. Anakumba ngalande ya maziko kuzungulira tsinde. Mbali ya kunyumba Fuatino anaima pakati pa mizu iwiri ija ngati msilikali, fosholo sinayandikeko. Mbali ya kumsewu mizu ikuluikulu, yonenepa ngati ntchafu ya munthu, inkatchinga mzere wa Mataio, ndipo Mataio ndi munthu wonyadira mzere wowongoka.

"Mtengo wonsewu ungamve timizu timeneti?" anatero mmodzi. "Kwathu timadula mizu ya mango n'kumabala chaka chomwecho."

Anaidula ndi sowo ya injini, akuimba nyimbo ya Pasaka.

Pofika madzulo panali chinthu chokongola, ndipo sindisintha mawu amenewo. Kakhoma kofika m'mawondo, matailosi obiriwira otsala ku bafa ya munthu wina, mkati atathiramo dothi ndi timiyala toyera mpaka kukwirira tsinde, maluwa apulasitiki m'makona. Fuatino anadya mbale ziwiri tsiku limenelo. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tsopano aona okha."

Mayi Orrock atatuluka m'chipatala anaima patsogolo pa kakhoma kaja, bandeji ili pa diso limodzi, n'kugwira pakamwa.

"Mayi wanga, mwachita chiyani?"

Fuatino anamwetulira, kuganiza kuti akumuyamikira. Ine ndinaona nkhope ya mayiwo, ndinadziwa kuti pali chimene talakwitsa.

Katswiri uja anabwera m'mawa wa tsiku lina lotentha. Anali mtsikana wamtali wovala majombo, dzina lake Narelle Tuckwell, wopanda matama. Ankayenda mtengo ndi mtengo, kuugogoda, kuyang'ana kumwamba, kumvetsera nkhani za anthu mpaka ya galu ija. Fuatino anamudikira atavala diresi yoyera ya ku tchalitchi, mphasa atayala, koko ali m'kapu. Mtsikanayo atafika anauzungulira mtengowo akuyang'ana patsinde. Kenaka anagwada kunja kwa kakhomako, mbali ya kumsewu, n'kufukula dothi ndi manja mpaka anapeza podulidwa paja, poyera, pakuchucha utomoni.

"Anadula ndani apa?"

"Ndine," anatero Mataio. "Timafuna pakhale pooneka bwino."

"Yonse ya mbali ino?"

"Imene inkatchinga yokha."

Narelle anapukuta manja pa buluku lake. Analankhula pang'onopang'ono kuti tonse timve. Anati mtengowu unapendekera kunyumba, ndipo mizu ya kumsewu ija ndi imene inkaukoka kuti usagwe, monga zingwe za tenti. Tsopano palibe choukoka. Mphepo yamkuntho ikadzabwera, udzagwera padenga.

"Ugwere ine," anatero Fuatino. "Nyumbamo ndimagona ndekha. Ndisayina paliponse."

"Amayi, panjira apa pamadutsa ana a sukulu."

Pamenepo ndi pamene mlamu wanga anamasuka. Chinsinsi chimene anachisunga kuyambira Peniamina ali khanda anachikhuthula pamsewu, m'Chingerezi chake chothyokathyoka, Alebanoni ndi Mavietinamu ali chilili. Ananena za kansalu koyera, za supuni, za mbama, za foni imene inasiya kulira. Anagwira majombo a mtsikanayo. "Mwana wanga sadziwa nambala ya nyumba, amadziwa mtengo. Mukaudula abwerera kuti?"

Palibe amene anamumanga, palibe amene anati tikumbe. Narelle anagwada naye pansi, misozi ili m'maso. Anati nkhani ngati imeneyi ndi imene amayendera misewu kuifunafuna, ndipo ikanakhala patsogolo pa lipoti lake lonse. Anati aiikamo ndithu. Koma anati mizu yodulidwa sailumikiza munthu. Ine ndinkafuna wina woti ndimukalipire, ndinayang'ana uku ndi uku, ndinasowa. Khonsolo sinadule muzu, mtsikanayo sananame, ndipo mwamuna wanga anali ataima pamenepo nkhope ili ngati phulusa.

Mataio sanadikire kuuzidwa. Anathamangira ku galimoto yake, anatenga chihamala, n'kuyamba kuphwanya khoma lake lomwe, matailosi akuuluka. Anafukula dothi lonse ndi timiyala tija. Masiku otsatira Fuatino anachita zinthu zimene sindinkatha kuziyang'ana. Anakatola zidutswa za mizu zimene zinatayidwa kuseri kwathu, anazibwezera m'malo mwake, n'kuzimanga ndi nsalu zong'amba monga timamangira fupa lothyoka. Ankazipaka mafuta a kokonati, kuzithirira, kuzipempherera. Anapita kwa abusa, anapita ku ofesi ya khonsolo kukakhala pa benchi tsiku lonse, anapempha Mataio kuti aumange mtengowo ndi unyolo ku mkuyu wa patsidya. Narelle anabweranso ndi mnzake wamkulu kuti mwina aone zina. Anaona zomwezo.

Msewu wa Pellew unapambana. Mikuyu yonse inavomerezedwa kuti ndi cholowa chotetezedwa, ndipo Mayi Orrock anandiuza kuti pa msonkhano wogamula, nkhani ya mchombo ndi imene inafewetsa mitima ya anthu amene anabwera atakonzeka kukana. Yonse inapulumuka kupatula umodzi. Anthu anawotcha masoseji pamsewu, ana akuthamangathamanga, ife tinatseka makatani. Mayi Orrock anabwera ndi mbale mpaka pa geti la Fuatino, anaima, n'kubwerera nayo.

Tsiku lodula, Narelle anauza amuna amene anabwera ndi makina odulira kuti ayambe amwa tiyi. Fuatino anatuluka ndi supuni n'kugwada pakati pa mizu iwiri ija. Anati autenga mchombowo, akaukwirire pansi pa mkuyu woyandikana nawo. Ndinagwada naye. Anakumba, n'kumapeta dothi m'manja, anakumbanso mpaka mkono unalowa kufika m'chigongono. Munalibe nsalu, munalibe kachingwe. Munali timizu ting'onoting'ono tokhatokha, tolukanalukana ngati tsitsi.

Anayang'anitsitsa timizuto, kenaka anakweza maso kutsata thunthu mpaka kunsonga.

"Mtengowu unamudya kalekale," anatero. "Ali m'menemu."

Sowo inalira. Nthambi imodzi imodzi inkatsika pa chingwe n'kulowa m'makina ogaya, n'kutuluka tizipalapala. Ndinamukoka Fuatino kuti tilowe m'nyumba, anandikankha. Anaonerera mpaka chitsa anachipera kufika pansi. Mataio anapempha chipika chimodzi n'kukachiika pakhonde pa mlongo wake, ndipo chikadali pomwepo, Fuatino sanachikhudzepo. Mwamuna wanga kuyambira tsiku limenelo amatulukira khomo la kuseri, ndipo ku kwaya anasiya.

Akhonsolo anadzabzala kamkuyu kena, kofika m'chiuno, komangirira ku timitengo tiwiri. Akuti pakatha zaka makumi asanu kadzakhala ndi mthunzi. Msewu wathu tsopano uli ndi chikwangwani chofotokoza za akazi amasiye aja, ndipo Loweruka kumabwera anthu ndi makamera. Pakati pa mzere wa mikuyu pali gweru, ngati mkamwa mwa munthu wochotsedwa dzino, ndipo dzuwa lonse la msewu uno limatsikira pamenepo.

Basi yochokera ku siteshoni ya sitima imadutsa mumsewu mwathu masana onse. Tsiku lina ndinasuzumira pawindo n'kuona Fuatino ataima pambali pa kamtengo kaja, ambulera yaikulu yobiriwira ili m'manja, dzuwa likuswa mtengo. Basi inadutsa, iye osakwera. Ina inadutsa, osakwera. Ndinatuluka mpeni uli kumanja.

"Alamu, mwapenga? Kutentha konseku, ndi mwendo umenewo? Mukufuna tikutoleni pansi ngati nkhuyu?"

"Peniamina akamadzabwera adzayang'ana pawindo la basi," anatero, maso ali kumsewu. "Adzafuna chinthu choima pano. Akapeza palibe, adzati si pano, n'kupitirira."

"Ndiye mudzaima mpaka liti? Mpaka kamtengo aka kakule?"

Ndinabwerera kunyumba ndikutukwana, misozi ikunditsika, n'kukatenga mpando wapulasitiki. Ndinauika kumbuyo kwake.

"Khalani tsono, muzidikira ngati munthu."

"Ndikakhala pansi sandiona," anatero.

Mpandowo ndimakhalapo ndine. Iye amaima, masana aliwonse, ndipo ambulera amaipendeketsa pang'ono kuloza kunyumba.